Kodi Mwala Ungasunge Dzina la Munthu?



Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma ndi ku Kanengo, kuno ku Kasungu pali katundu amene amayamba kuyenda malonda nthawi yomweyo: malata, njinga zamoto ndi ziliza. Za malata ndi njinga palibe amadabwa nazo. Koma taonani m'mbali mwa msewu wa M1 kuyambira mu Juni mpaka mvula itayandikira. Amisiri amakhala atayala miyala yakuda yonyezimira ndi ya terazo, ina yosemedwa ngati buku lotsegula, ina ngati mtima, ina yokhala ndi malo oikapo chithunzi cha malemu. Loweruka silidutsa osamva kuti kumudzi wakutiwakuti akutsegulira chiliza. Abale amasonkha ndalama, amasoketsa yunifomu, amabwereka matenti, mbuzi zimagwa. Ndalama ya mabelo angapo a bale, amene munthu anayamba kuwavutikira ku nazale chaka chatha, imathera pa tsiku limodzi.

Mwina wina afunsa kuti nkhaniyi ikutikhudza bwanji ife, poti si mwambo wathu. Ikutikhudza ndithu. Ambiri a ife tili ndi amalume, azakhali ndi alamu a mipingo ina, ndipo kapepala ka zopereka za chiliza kamatipeza. Komanso amene mumapita kukaika maliro m'manda athu a Chisilamu mwaona kuti uku ndi uku mwayamba kutulukira matailosi ndi timipanda ta zitsulo. Banja lina likamanga, loyandikana nalo limaona ngati lamutaya m'bale wawo. Ndiye funso lili pa ife tonse: munthu akapita, chimasunga dzina lake n'chiyani? Poti ine ndimaphunzitsa mbiri yakale, ndiyamba ndi anthu amene anafika nalo patali kwambiri luso lomanga ziliza.

Ku Ulaya, kuyambira cha m'ma 1600 mpaka pakati pa zaka za m'ma 1700, kunali kamangidwe ndi kasemedwe kotchedwa Baroque. Kanayambira ku Rome, pa nthawi imene Mpingo wa Katolika unkafuna zosema ndi zojambula zogwira mtima, zoti ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga akalowa m'tchalitchi amve mantha ndi chiyembekezo pongoyang'ana. Apapa, mafumu, akuluakulu a nkhondo ndi mabanja olemera sankaikidwa kumsitu ngati ife. Ankaikidwa m'kati mwa tchalitchi momwemo, ndipo ankawamangira ziliza zotalika kuposa nyumba zathu, za miyala ya nsangalabwi yamitundumitundu ndi mkuwa wopakidwa golide. Mabanja ena ankachita kugula chipinda chonse cha m'mbali mwa tchalitchi kuti chikhale manda a mtundu wawo.

Mmisiri wotchuka kwambiri wa nthawi imeneyo anali Gian Lorenzo Bernini. M'tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Rome muli chiliza chimene iye anakonzera Papa Alexander VII, chomwe chinamalizidwa mu 1678, papayo atamwalira mu 1667. Papa anasemedwa atagwada, akupemphera. M'munsi mwake muli zosema zinayi za amayi, zoimira chikondi, choonadi, nzeru ndi chilungamo, kutanthauza kuti malemuwo anali ndi makhalidwe amenewa. Pakati pawo mwala wofiirira unasemedwa ngati chinsalu chopindikapindika, ndipo kunsi kwa chinsalucho kukutulukira mafupa okhaokha a munthu, opangidwa ndi mkuwa. Imeneyo ndi Imfa. Mutu wake wabisika m'nsalumo, koma dzanja lake lakweza kabotolo koyezera nthawi ndi mchenga, ngati ikuuza aliyense wodutsa kuti mchenga wako nawenso ukutha.

Ku London kuli tchalitchi cha Westminster Abbey, chimene ambiri mumachidziwa chifukwa ndi kumene kunaikidwa thupi la David Livingstone mu 1874. M'menemo muli chiliza cha Lady Elizabeth Nightingale, mayi wa banja lapamwamba amene anamwalira mu 1731 akadali wamng'ono. Mmisiri Louis-François Roubiliac anasema Imfa ikutuluka pa kachitseko ka m'munsi, mkondo uli m'manja, italunjika mayiyo. Mwamuna wake wamufungatira ndi dzanja limodzi, lina walitambasula kuti atchinge mkondowo, ndipo aliyense woona amadziwa kuti sautchinga. Pa chilumba cha Malta, m'tchalitchi cha St John's mumzinda wa Valletta, pansi ponse pamene anthu amaponda ndi ziliza pafupifupi 400 za asilikali ochokera m'mabanja olemekezeka, chilichonse ndi chizindikiro cha banja lake.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti anthu amenewa sanali osadziwa. Ankasema Imfa pa ziliza zawo pofuna kunena kuti imfa siona nkhope. Koma ankanena zimenezi ndi mwala umene wosauka sakanaukwanitsa ngakhale atagwira ganyu moyo wake wonse. Amene anaswa miyalayo m'mapiri ndi kuikoka pa ngolo, ambiri anagona m'manda amene lero sadziwika. Ndipo taonani mmene zinathera: alendo akamaima pa chiliza cha Alexander VII masiku ano, ambiri amakhala atabwera kudzaona luso la Bernini. Dzina la mmisiri lameza dzina la mwini chiliza.

Sitifunika kukwera ndege kuti tione zoterezi. Mwana wa kuno ku Kasungu, Dr Hastings Kamuzu Banda, anamwalira pa 25 Novembala 1997 ku Johannesburg ndipo anaikidwa ku Lilongwe. Mu 2006 boma la Bingu wa Mutharika linatsegulira chiliza chake chachikulu chija chili pafupi ndi Nyumba ya Malamulo. Ndinapitako ndi ana a Fomu 3 pa ulendo wa sukulu. Ndi nyumba yokongola, ya miyala yosalala yozizira, chithunzi chachikulu cha Ngwazi chili kumaso. Pali nsanamira zinayi, ndipo iliyonse ikuimira imodzi ya ngodya zinayi zimene makolo athu ankaziloweza: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Nditaziona ndinakumbukira amayi anayi a Bernini aja. Pakati pa ziliza ziwirizi pali zaka zoposa 300 ndi nyanja yaikulu, koma maganizo ake ndi amodzi: zungulizani malemu ndi makhalidwe abwino anayi, kuti obwera m'mbuyo adzawerenge zimenezo.

Tikutuluka, mtsikana wina anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga zija munatiphunzitsa za ku Mwanza zalembedwa pati?" Ankanena za mu Meyi 1983, pamene Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa, boma n'kulengeza kuti afa pa ngozi ya galimoto. Gadama anali wa kuno ku Kasungu komweko. Ndinamuyankha kuti chiliza chimanena mawu a amene anachimanga, ndipo omanga chiliza salembapo zowawa. Kamuzu anamanga misewu, zipatala ndi sukulu, ndipo mu ulamuliro womwewo anthu anatsekeredwa popanda mlandu. Zonsezi n'zoona, koma mwala umasankhapo chimodzi. Sindikunena izi kuti tinyoze manda a mtsogoleri. Ndikungofuna kuti ana athu aphunzire kuwerenga chiliza monga amawerengera kalata ya umboni yolembedwa ndi m'bale wake wa munthuyo.

Bingu nayenso, atamwalira mu Epulo 2012, anaikidwa m'chinyumba choyera cha Mpumulo wa Bata ku Ndata m'boma la Thyolo, chimene anamanga mkazi wake Ethel atamwalira mu 2007. Tsono yerekezani ndi John Chilembwe. Ataphedwa mu Febuluwale 1915, atsamunda anamuika popanda chizindikiro chilichonse, kuti manda ake asasanduke pokumana anthu. Iwo ankaganiza kuti akabisa manda abisanso dzina. Lero nkhope yake timayenda nayo m'matumba pa ndalama zathu za pepala, ndipo pa 15 Januwale dziko lonse limapuma pomukumbukira.

Nkhani ya manda osadziwika ine ndimaidziwira pakhomo. Agogo anga aamuna anachoka ku Mangochi m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene maesiteti a fodya ankatsegulidwa mbali zonse za boma lino ndipo malole ankatuta anthu kuchokera kum'mwera kudzagwira utenanti. Agogo ambiri a ana a pasukulu pano anabwera njira yomweyo. Iwo anamwalira nthawi ya dzinja, fodya asanagulitsidwe, ndipo panalibe ndalama yonyamulira thupi kupita kwawo. Matenanti anzawo anawasambitsa, anawaswalira, n'kuwaika kumalire a esiteti, pansi pa mtengo wa muwanga. Patapita zaka mtengowo unadulidwa kukaotchera fodya, esiteti inasintha eni, ndipo khasu linadutsa. Mayi anga ananditengera kumeneko ndili wamkulu kale. Tinazungulira m'mizere ya fodya, iwo akuloza apa, kenako apo, kenako n'kubwereranso. Pamapeto pake anangokhala pansi pa mzere n'kukweza manja kuchita duwa, osadziwa ngati bambo awo ali kumanja kapena kumanzere.

Chifukwa cha tsiku limenelo, munthu womanga chiliza sindimuseka. Ndimadziwa chimene akuopa. Akuopa kuti mayi ake adzafafanizika ngati phazi la pamchenga. Ena amamanga chifukwa malemu anavutika osadyako thukuta lawo, ndiye mwana akapeza ndalama ya fodya amafuna kubweza ngakhale mochedwa. Chimenecho ndi chikondi, ndipo abale athu a zipembedzo zina akamachita mwambo wawo tiyenera kuwapatsa ulemu. Koma mbali ina ya nkhani ya agogo ndi iyi. Tsiku lina la Ijumaa ndinaswali pa mzikiti wina wa kumudzi, ndipo mkulu wina atamva kumene makolo anga anachokera anandigwira dzanja osalisiya. Anati agogo anga ndi amene anawaphunzitsa kuwerenga Qur'an, usiku m'chigafa, pa kuwala kwa koloboyi, onse atatopa ndi kusoka fodya. Mkuluyo ndi amene ankaphunzitsa ana madrasa pamudzipo. Manda a agogo anasowa, koma zilembo zimene anaphunzitsa m'chigafa zinali zikutuluka m'kamwa mwa ana amene sanawaonepo.

Chisilamu chinatiikira njira yosavuta, ndipo mashehe athu amatikumbutsa pa maliro alionse. Thupi limasambitsidwa, limakulungidwa mu sanda yoyera yopanda zokongoletsa, limaswaliridwa, n'kugonekedwa chakumanja kuyang'ana ku Qibla. Dothi limakwezedwa pang'ono chabe, loti munthu adziwe kuti apa ndi manda asapondepo. M'mahadith a Imam Muslim muli nkhani yochokera kwa Jabir yonena kuti Mtumiki Muhammad (SAW) analetsa kupaka manda laimu, kumangapo ndi kukhalapo. Mulinso nkhani yoti Ali bin Abi Talib anatuma munthu kukasalaza manda otukuka, monga iyenso anatumidwira ndi Mtumiki (SAW). Koma chizindikiro sichinaletsedwe. Uthman bin Maz'un ataikidwa m'manda a Baqi ku Madina, Mtumiki (SAW) ananyamula yekha mwala n'kuuika kumutu kwa mandawo, kuti azizindikira pamene pagona m'bale wake ndi kuti adzaike achibale ake pafupi. Mwala wozindikirira ndi wololedwa. Chimene chikukanidwa ndi mwala wopikisanira.

Taganizani za jeneza la pa mzikiti wathu. Ndi limodzi lomwelo. Lanyamulapo eni maesiteti, lanyamulapo matenanti awo, lanyamulapo mavenda ndi aphunzitsi, ndipo silisintha nsalu poona amene wagonamo. Mu Januwale 2015 Mfumu Abdullah ya dziko la Saudi Arabia, mmodzi wa anthu olemera kwambiri pa dziko lapansi, inamwalira. Tsiku lomwelo inaswaliridwa n'kuikidwa m'manda a Al-Oud mumzinda wa Riyadh, itakulungidwa m'nsalu, pa manda opanda dzina. Kamuzu ankakonda kutiuza kuti chuma chili m'nthaka. Ife a ku Kasungu tikudziwa kuti zimenezo n'zoona, koma mwini chumayo nayenso amathera m'nthaka momwemo, ndipo nthaka sifunsa kuti unali ndi maekala angati.

Komabe tisadzitame msanga. Asilamu nafenso tinamangapo ziliza, ndipo chiliza chotchuka kwambiri pa dziko lonse ndi cha Msilamu. Taj Mahal, mumzinda wa Agra ku India, anaimanga Mfumu Shah Jahan pokumbukira mkazi wake Mumtaz Mahal amene anamwalira mu 1631. Ntchitoyo inatenga zaka pafupifupi 20, nthawi yomweyo imene Bernini ankasema ku Rome. Mwana wa mfumuyo, Aurangzeb, amene anamwalira mu 1707, analamula kuti iye adzaikidwe m'manda adothi, opanda denga, ku Khuldabad, ndipo zimanenedwa kuti maliro ake analipiridwa ndi ndalama zimene ankapeza posoka zisoti. N'zokoma kumva. Koma Aurangzeb yemweyo anapha abale ake polimbirana ufumu ndipo anatsekera bambo ake mpaka imfa. Ndiye manda osaoneka bwino paokha si umboni woti munthu anali wolungama, monganso nsangalabwi si umboni. Zonse ziwirizi ndi za pamwamba pa dothi. Chimene chili kunsi akuchidziwa ndi Allah yekha.

Kudzionetsera kuli ndi makomo ambiri. Tikhoza kukana matailosi, koma n'kupha ng'ombe pa sadaka kuti mudzi unene kuti banja lakutilakuti ndi lopeza, pamene ana a malemu athamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi. Tikhoza kukumbitsa mjigo, koma n'kulimbana kwambiri ndi kukula kwa zilembo za dzina lathu pa chikwangwani kusiyana ndi kufunsa ngati mjigowo ukutulutsabe madzi chaka chachiwiri. Chikwangwani chotere ndi chiliza chomwecho, changosamuka kumanda. Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti ntchito iliyonse imayesedwa ndi cholinga cha mumtima. Ndisananene za mwala wa mnzanga, ndiyenera kufunsa mtima wanga kuti chimene ndikuchitira malemuchi ndikufuna aone ndani.

Nanga tichite chiyani ndi chikondi chathu pa amene anatisiya, poti chikondi chimafuna pogwira? Yankho tinapatsidwa kale. Hadith ina ya m'buku lomwelo la Imam Muslim imaphunzitsa kuti munthu akamwalira ntchito zake zimaduka, kupatula zitatu: sadaka yopitirira, maphunziro amene anthu akupindula nawo, ndi mwana wolungama womupempherera. Mbiri ya Chisilamu ndi yodzaza ndi anthu amene anamva zimenezi. Uthman bin Affan anagula chitsime cha Rumah ku Madina, kumene anthu ankagula madzi, n'kuchipereka kuti aliyense azitunga ulele. Zubaida, mkazi wa Khalifa Harun al-Rashid, anakumbitsa zitsime ndi madamu m'njira ya mahaji yochokera ku Iraq kupita ku Makka, ndipo njirayo mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake. Fatima al-Fihri anatenga chuma chimene bambo ake anamusiyira n'kumanga mzikiti wa al-Qarawiyyin mumzinda wa Fez ku Morocco mu 859, ndipo pamalopo pakuphunziridwabe. Onsewa anali anthu olemera ngati aja a ziliza za Baroque. Kusiyana kwake n'kwakuti chuma chawo anachiika pamene chimagwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Ngakhale pa Kamuzu yemweyo mungaone. Ku Mtunthama kuli Kamuzu Academy, imene anatsegula mu 1981 pafupi ndi mtengo wa kachere umene iye anayambira kuphunzira. Anthu anatsutsapo za ndalama zambiri zimene zinalowa pa sukulu ya ana ochepa, ndipo mtsutsowo uli ndi mfundo. Koma chiliza cha ku Lilongwe chimalandira alendo amene amajambula zithunzi n'kumapita, pamene ku Mtunthama belu limalira m'mawa uliwonse. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kwa Msilamu, chuma chimene chafika pamphuno ndi chimene watsogoza kwa Allah. Chotsalacho mphepo ya olowa m'malo idzachiulutsa.

Tsono ndili ndi mapempho, ndipo loyamba likupita kwa inu akomiti ya mzikiti. Tiyeni tikhale ndi kaundula wa manda. Buku limodzi lachikuto cholimba, lolembamo dzina la malemu, tsiku, kwawo, mzere ndi nambala ya manda, ndi mapu osavuta ojambulidwa pamanja, lina n'kusungidwa kuno kusukulu. Pa manda paikidwe kamwala kakang'ono kofanana kwa aliyense, molingana ndi mmene mashehe angatiunikire. Malire a manda adziwike kwa mfumu ndipo alembedwe, kuti khasu lisadzadutsenso pa munthu. Mabanja ambiri amene akuthira simenti sakuchita mwano, akungoopa kusokera. Tikawachotsera mantha amenewo, matailosi adzachepa okha popanda kukangana kumanda. Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 akhoza kuthandiza ntchito yolembayi pa tchuthi, akuyenda ndi akuluakulu amene akukumbukirabe kuti uyu anagona apa ndi ndani. Akuluakuluwo sakhala nafe mpaka kalekale.

Pempho lachiwiri ndi la kwa inu makolo. Ndalama ya fodya ikalowa ndipo banja lakhala pansi kukambirana za malemu, tiyambe ndi zimene chipembedzo chinaika patsogolo. Kodi anasiya ngongole, kaya ya feteleza, kaya ya mwezi wa tenanti amene sanalipidwe? Ibwezedwe, chifukwa imeneyo ndi imene ikumulemera. Kodi mkazi wake ndi ana alandira gawo lawo, kapena njinga ndi malata zinapita ndi achibale? Kodi ana amasiyewo ali m'kalasi? Zikatha izi, chotsalacho chikhale sadaka yopitirira: kukonza mjigo umene unafa, kugula mabuku a mulaibulale, kulipirira fizi mwana wa mnansi, kudzala mitengo. Dera lathu latha mitengo chifukwa cha zigafa ndi mabalani, ndipo mtengo umene mbalame ikudyapo kapena munthu akupumapo ndi sadaka. Kapepala ka chiliza cha m'bale wa mpingo wina kakakupezani, musakalipe. Maliro ndi kulirana. Lankhulani mwaulemu, ndipo ngati mtima wanu sukulola kusonkhera mwala, nenani kuti ine nditenga fizi ya teremu ino ya mwana wa malemu. Sindinaonepo banja limene linakana thandizo lotere.

Pomaliza, inu ana asukulu. Pa zinthu zitatu zija zimene siziduka munthu akamwalira, ziwiri zili m'manja mwanu: maphunziro, ndi mwana wopempherera makolo ake. Tchuthi chikubwerachi khalani pansi ndi agogo anu. Afunseni mayina a makolo awo, kumene anachokera, chaka chimene anafika ku Kasungu, esiteti imene anagwirako, ndi kumene anagona. Lembani m'kope, mubwere nalo potsegulira sukulu, tidzaike pamodzi. Mukatero, muziwatchula mayina amenewo mu duwa yanu mukatha Swala. Makolo anu akulima fodya, akugulitsa tomato, akuyendetsa kabaza kuti inu mukhale pa desiki. Ambiri a iwo sadzakhala ndi nsanamira zinayi. Anthu adzawadziwa poona inu, mmene mukuyezera pa sikelo, mmene mukusamalira odwala, mmene mukulankhulira ndi wantchito wanu.

Allah awakhululukire onse amene anatitsogolera, amene manda awo tikuwadziwa ndi amene manda awo anasowa, awakulitsire malo awo ndi kuwaunikira. Ifenso atipatse mathero abwino. Ameen.